Kamera ya Chimasomaso

Inu amene mumafuna nkhani yokulimbitsani mtima, khalani pansi kaye, chifukwa iyi ikuyambira pansi penipeni, pamene ngakhale nyerere imachita kuwerama kuti ikuone.

Panali patatha masiku anayi chiikireni maliro a alamu ake pamene Zatheka anaitanidwa kwa achemwali ake. Anamuuza kuti abwere ndi laputopu. Pabalaza panali padakali mipando yobwereka, yosanjikizidwa pakona. Achemwali akewo anakhala pampando wa malemu, ana awo awiri aakazi wina uku wina uku.

Sankafuna zambiri. Ankafuna chithunzi chimodzi.

Masabata atatu m'mbuyomo, mwana wawo wamkulu anali atakwatiwa. Tsiku limenelo bambo ake, munthu amene matenda anali atamudya mpaka kutsala mafupa ndi suti, anadzuka panjinga ya odwala n'kukana kukankhidwa. Anagwira mwana wake mkono, nayenda naye kuchokera pakhomo la holo mpaka kutsogolo. Masitepe makumi awiri ndi anayi. Adokotala anali atanena kuti ngakhale asanu sangakwane. Chithunzi cha ulendo umenewo ndicho ankachifuna.

Zatheka linali dzina la ntchito. Zaka makumi awiri ndi zisanu akujambula maukwati, akangodina ankasuzumira pakagalasi kakumbuyo kwa kamera, n'kukweza chala chachikulu, n'kunena kuti zatheka. Ana m'misewu ankamutchula choncho, abusa ankamutchula choncho, mpaka dzina la pachiphaso linangotsala la kuchipatala.

Zithunzi za ukwatiwo anali asanazitsegule. Inu mukuwadziwa ojambula: zithunzi za ukwati zimatuluka mwana woyamba akuyamba kukwawa. Ndiye khadi la kamera analitsegulira pomwepo, pamaso pa anamfedwa, ali ndi chikhulupiriro chonse.

Zinali zithunzi makumi anayi ndi zitatu. M'chilichonse munali nkhope imodzi yowala, yakuthwa, yoti mano ake mukhoza kuwawerenga limodzilimodzi. Inali nkhope ya mayi wa pa kalendala yopachikidwa pakhoma pafupi ndi khomo la holo, wotsatsa mankhwala otsukira mano. Kutsogolo kwake kunali utsi uwiri, wina woyera wina wakuda. Utsi woyerawo unali mkwatibwi. Wakudawo anali alamu ake.

Achemwali ake sanalire. Ankangoti, pita pa china. Iye n'kudina. Pita pa china. Chala chake chinachita thukuta mpaka batani linaterera. Atafika pomaliza, anamufunsa kuti mayi ameneyu ndi ndani. Iye anayankha ndi mawu a munthu wokhala pansi pa chitsime kuti ndi wa pa kalendala.

"Wajambulika bwino," anatero achemwali ake.

Mwana wamkulu anadzuka n'kukadzitsekera kuchipinda. Wamng'ono anafunsa ngati palibe mlendo amene anajambula pafoni. Panalibe. Zatheka yemweyo anali atapempha wolengeza kuti aliyense abise foni yake pa nthawi yolowa, kuti manja a anthu asawononge chithunzi cha katswiri. Anthu anamvera. Ndi tsiku lokhalo m'mbiri ya maukwati limene anthu anamvera.

"Tseka chinthu chakocho," anatero achemwali ake. "Ndinakulera ine amayi atapita. Kamera yako yoyamba anakupatsa ndi alamu ako, ndi manja awo. Anakupempha chinthu chimodzi chokha pa moyo wawo wonse. Usadzabwerenso pakhomo pano ndi kamera. Ndipo popanda kamera, sindikudziwa chimene ungadzere."

Anatuluka laputopu ili m'khwapa, nsapato ali nazo m'manja. Anakumbukira kuzivala atafika pamsewu.

Tsopano ndikufotokozereni chimene chinachitika, chifukwa ena mwaganiza kale za ufiti.

Makamera a akatswiri masiku ano amadzifunira okha poyang'ana. Ukasuzumira mkati umaona kabokosi kobiriwira. Kabokosiko kakagwera pankhope ya munthu kamamutsata, akayandikira kali naye, akapatuka kali naye, ndipo pamene pali kabokosi ndi pamene chithunzi chimathwa. Kwina konse kumachita mbuu. Zatheka, pofuna kulemekeza alamu ake, anasiya kamera yake yakale n'kukabwereka yatsopano, yokwera mtengo kuposa zonse, kushopu ya mayi wina wobwereketsa makamera amene aliyense ankangomutchula kuti Madamu. Anamuuza kuti iyi imaona nkhope mwini wake asanaione.

Sananame. Kungoti mkwatibwi anali atafunda velo, alamu ake anali atazolika kuwerenga masitepe awo, ndipo nkhope yokhayo imene inayang'ana kamera ndi mano onse panja inali ya pa kalendala.

Nanga iye osaona kuti kabokosi kathawa? Apa ndi pamene pali manyazi. Maso a Zatheka anali atayamba kale kukana zapafupi. Uthenga wa pafoni ankawerenga atatambasula mkono ngati akupereka moni kwa munthu wodana naye. Koma magalasi ankakana. Ankati wojambula wovala magalasi ali ngati wometa wadazi, makasitomala amayamba mafunso. Choncho anasuzumira pakagalasi kakumbuyo, kakang'ono ngati bokosi la machesi, anaona choyera ndi chakuda zili pamalo pake, anakweza chala.

Mbiri yoipa siidikira basi. Sabata isanathe, dzina linasintha. Zatheka anafa, kunabadwa Chifunga. Amene anamulonjeza maukwati anayamba kuimba foni ndi mawu aulemu kwambiri, ndipo mukamva kasitomala akukupatsani ulemu wotere dziwani kuti ntchito yapita. Anagulitsa malensi, kenako nyale, kenako kamera yakale ija. Mkazi wake anati akupita kukathandiza amayi ake kwa masiku ochepa. Anatenga ndi simbi yositira, ndipo munthu wa masiku ochepa satenga simbi.

Anasamukira m'chipinda chimodzi kuseri kwa malo okonzera matayala. Bedi, mpando, msomali wopachikapo jekete, ndi zenera loyang'ana khoma. Laputopu yokha ndiyo sanagulitse. M'mawa uliwonse asanasambe ankatsegula zithunzi makumi anayi ndi zitatu zija, ngati kuti mwina kutacha alamu ake atulukamo mu utsi. Mayi wa pa kalendala ankangomusekerera.

Ntchito imene anapeza inali kushopu kwa Madamu komweko. Osati chifukwa cha chifundo. Madamu ankafuna munthu wodziwa kupukuta lensi osaikanda, ndipo munthu wosweka mtima sachedwa kuntchito, alibe kwina kopita. Ankasesa, ankatchaja mabatire, ankapukuta magalasi a makamera amene sankaloledwanso kuwanyamula.

Inalipo ntchito ina. Kasitomala akafuna kudziwa kamera yotsata bwino munthu woyenda, Madamu ankatuluka naye kuseri kwa shopu, pabwalo la simenti la khoma loyera, dzuwa lili phwee. Ankaimika makamera atatu, n'kuuza Chifunga kuti apite kukhoma abwere akuthamanga. Bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi, mimba patsogolo, mawondo akulira ngati chitseko cha bafa, ankathamanga katatu. Makamera onse atatu ankamugwira bwinobwino. Madamu n'kunena kuti mwaona, onse ndi abwino, koma iyi yodulayi ndiye mapeto. Kasitomala n'kutenga yodulayo.

Ojambula anzake akale ankabwera dala kudzaonerera. Ankati thamanga Chifunga, lero mwina uoneka. Wina anati ndi koyamba kumuona ali pafokasi. Iye ankaseka nawo, chifukwa munthu ukakhala pansi kuseka n'kotchipa kuposa kuyankha.

Tsiku lina anakumana ndi achemwali ake pokwerera basi. Anavula chipewa. Iwo anayang'ana chikwangwani chimene chinali kumbuyo kwake, nachiwerenga mosamala mpaka basi inabwera. Anabwerera kuchipinda kwake osadya, ndipo kwa masiku awiri anagona chafufumimba nsapato zili kuphazi. Pa tsiku lachitatu anadzuka, osati chifukwa cha chiyembekezo, koma chifukwa mabatire a Madamu sakanadzitchaja okha. Anthu ambiri amene mumawatama kuti ndi olimba mtima anadzuka pa zifukwa zoterezi.

Chinasintha zinthu ndi mvula.

Masana ena kunagwa chimvula, kasitomala ali wofulumira, ndipo Madamu anati kuthamangako kuchitikire m'nyumba yosungiramo katundu. Munali mdima pang'ono, babu limodzi, makatoni mbali zonse. Chifunga anathamanga katatu pakati pa makatoni. Kasitomala anasuzumira pakagalasi kakumbuyo, anati zili bwino, anatenga yodula ija n'kumapita.

Madamu atatuluka kukadya, Chifunga anatsala akufufuta makhadi pa kompyuta yaikulu ya pa kauntala. Pambali panali magalasi owerengera a Madamu, a pinki, okhala ndi timaluwa m'mbali. Anayang'ana kukhomo. Panalibe munthu. Anawavala.

Choyamba anaona fumbi pa kauntala imene ankati wapukuta. Anaona mizere ya m'manja mwake. Kenako anaona zithunzi. Pa kamera yodula ija, iye anali utsi. Chakuthwa chinali kamwana kosekerera kosindikizidwa pa katoni ya matewera imene Madamu ankasungiramo zingwe.

Anakhala pansi pa simenti. Kwa chaka chathunthu ankaganiza kuti linali tsoka, kapena chilango, kapena dzanja la munthu. Sichinali chilichonse mwa izo. Linali khalidwe chabe la kamera, khalidwe limene akanalidziwa m'masana amodzi akanaiyesa pamalo ofanana ndi holo, n'kuyang'ana zotsatira zake pagalasi lalikulu, ndi maso oona. Madamu atabwerera anapeza wantchito wawo akulira atavala magalasi awo a timaluwa. Sanafunse. Anangoti awasunge, agula ena.

Kuyambira tsiku limenelo Chifunga anasiya kudya masana. Ola la nkhomaliro ankalowa m'nyumba ya katundu ndi makamera atatu aja. Anagula kope la ana asukulu. Anatola makalendala akale m'mashopu oyandikana nawo n'kuwapachika m'makoma. Anapeza katani yoonekera mkati, yong'ambika, n'kumaifunda kumutu ngati velo. Kamera ankaiimika pa miyendo yake itatu, kabatani kodinira patali kali m'manja, n'kumayenda kubwera kwa iyo. Osati kuthamanga. Ndani amathamanga pa ukwati, kupatula mkwati wa nkhani ina? Ankayenda pang'onopang'ono, atazolika, ngati munthu wodwala.

Ulendo uliwonse zithunzi makumi asanu. Kenako pa kompyuta, chimodzichimodzi, kukulitsa mpaka diso lidzaze galasi lonse. Chakuthwa, chonga. Chambuu, mtanda. Anayesa babu loyaka, anayesa lozima. Anapempha mlonda kuti azidutsa pakati ngati mlendo wochedwa. Anayesa atayang'ana kumbali, atavala chipewa, atatembenuka.

Makamerawo anawapatsa mayina. Yodula ija anaitcha Chimasomaso. Padzuwa inalibe mnzake, liwiro ngati mphezi, koma ikangoona nkhope ina yowala kuposa yako inkakusiya pomwepo, ngati mwamuna woyenda ndi mkazi wake mumsika. Yaing'ono yopepuka anaitcha Kamantha. Inkagwira diso bwino zedi, koma kuwala kukachepa inkayamba kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, osadziwa chochita. Yachitatu, yakale, yolemera ngati njerwa, imene makasitomala ankaidutsa osaipatsa moni, anaitcha Nkhupakupa. Inkachedwa kugwira. Koma ukaiikira wekha kabokosi pa munthu amene ukumufuna, inkamukakamira ngakhale mlonda adutse katatu.

Anapezanso kuti Chimasomaso ukhoza kuilanga pang'ono, ukalowa m'kati mwake n'kuiletsa kudzisankhira nkhope. Inkamvera padzuwa. Mu mdima inkamvera masitepe khumi, kenako chibadwa n'kubwerera.

Musaganize kuti dziko linaombera m'manja. Atamuonetsa Madamu kope lija, iwo anati makasitomala safuna kope, amafuna kamera imene anzawo akaiona ameze malovu. Ojambula akamva kuti Chifunga akulangiza za fokasi ankaseka mpaka kugwira kauntala. Wina anati ndi chimodzimodzi kufunsa njira kwa munthu amene wangovuulidwa m'dzenje. Chifunga anayankha kuti ameneyo ndiye amadziwa pamene pali dzenje, koma anayankha motsitsa, munthuyo atatuluka kale.

Makope anakwana anayi. Mawondo anatupa. Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti nzeru zonsezo zinalibe ntchito pa chinthu chimodzi chimene ankachifuna. Madzi akatayika saoleka, ngakhale utaphunzira bwanji za ndowa. M'mawa uliwonse alamu ake anali utsi womwewo.

Patatha zaka ziwiri chimwalirireni alamu ake, m'shopu munalowa mwana wamng'ono wa achemwali ake. Chifunga anamuonera pazenera n'kuthawira kuseri kwa mashelefu, tsache lili m'manja. Mtsikanayo anali kukwatiwa, ndipo ankafuna Madamu eniake adzajambule, poti nawonso ankajambula maukwati akuluakulu. Holo yake inali yomwe ija. Anati popeza bambo kulibe, adzamuperekeza ndi amayi ake. Ndipo kuti bambo asasowe, adzaimika chithunzi chawo chachikulu cha m'fulemu pafupi ndi khomo, kuti polowa adzadutse pambali pawo.

Madamu anati ndi maganizo okongola, ndipo adzabwera ndi kamera yabwino kuposa zonse.

Kuseri kwa mashelefu, Chifunga anayamba kuphatikiza zimene wamva. Velo. Mayi wamasiye amene adzalowe atazolika, akulira. Holo ya mababu ofooka. Ndi nkhope imodzi yaikulu, yowala, yoyang'ana kamera.

Mtsikana atapita, Chifunga anatuluka. Anauza Madamu kuti Chimasomaso ikagwira malemu n'kusiya amoyo, bola atenge Nkhupakupa. Madamu anati kamera imeneyo yajambula maukwati makumi angapo popanda dandaulo, ndipo sangapite ku ukwati wa anthu ndi njerwa yakale ngati wosauka. Anawonjezera kuti amamumvera chisoni, koma si kamera iliyonse imene ili ndi mlandu wa iye.

"Madamu," anatero Chifunga, "ndakuthamangirani zaka ziwiri anthu akuseka, sindinapemphepo kanthu. Ndipatseni ola limodzi mu holo imeneyo, ukwati usanachitike. Ikapambana yanuyo, makope anga mukayatsire moto, ndipo sindidzatsegulanso pakamwa."

Madamu anali munthu wa bizinesi. Anaganiza za dzina lawo, anaganizanso za mtendere wa wantchito wosatsegula pakamwa. Mbali zonse anaona phindu. Anavomera.

Anapita masana a tsiku loti mawa ukwati. Okongoletsa anali pa makwerero kumanga nsalu. Kalendala ija inali itachoka kalekale, panangotsala msomali. Koma pafupi ndi khomo, pa choimikira, panali alamu ake, atavala suti ya bulawuni, akumwetulira chamseri monga ankachitira akafuna kukunyoza mwachikondi. Chifunga anachidziwa chithunzicho. Anajambula ndi iye, zaka khumi m'mbuyomo, maso ake adakali ake. Chinali chakuthwa mpaka tsitsi la m'mphuno.

Anavula chipewa, anapereka moni motsitsa, kenako anafunda katani yake.

Okongoletsa anaseka mpaka wina anatsala pang'ono kugwa pa makwerero. Anafunsa ngati mkwati akudziwa chimene akutenga. Chifunga sanawamve. Anayenda masitepe makumi awiri ndi anayi, Madamu akudina kutsogolo. Anabwerera. Anayendanso. Kamera iliyonse kawiri, zithunzi makumi asanu zonse pamodzi.

Anatsegula laputopu pa tebulo la mphatso. Kamantha inasochera pakati pa njira, theka mbuu. Nkhupakupa, Madamu ataiikira kabokosi paphewa pake ali pakhomo, inagwira makumi anayi ndi zinayi mwa makumi asanu. Chimasomaso inagwira zisanu ndi zinayi. Zina zonse anali malemu, owala, akumwetulira, ndipo pambali pawo utsi wofunda katani.

Madamu anazionanso zonse kuyambira poyamba. Kenako anafunsa ngati Nkhupakupa ili ndi batire lachiwiri.

Chifunga anati mayeso sanathe. Mawa oyenda adzakhala awiri, ndipo kabokosi kakhoza kumalumpha pakati pawo. Pankafunika munthu wina woti ayende naye. Anapempha okongoletsa. Onse anakana, wina anati ali pabanja kale.

Ndi pamene anaona kuti pakhomo la m'mbali paima munthu, atanyamula dengu la maluwa. Sanadziwe kuti anafika nthawi yanji. Achemwali ake anali atakalamba kuposa zaka ziwiri. Anaika dengu pansi, anabwera pa tebulo, anayang'ana pa laputopu. Mwamuna wawo wowala. Utsi pambali. Anadina okha kupita pa china, ndi china.

"Ndi zimene zinachitika?" anafunsa, osamuyang'ana.

"Ndi zomwezo, achemwali. Koma kamera inangochita chibadwa chake. Wolakwa ndine. Maso anali atatha, ndinkabisa. Ndinanena kuti zatheka ndisanaone kanthu."

Ngakhale wa pa makwerero anasiya kukhoma. Achemwali ake anatembenuka n'kumuyang'ana, koyamba m'zaka ziwiri. Anayang'ana katani yong'ambika, mawondo otupa, ndi magalasi a timaluwa.

"Magalasi aakazi amenewo."

"Ndi amene amaona."

Sanaseke. Sananenenso kuti ndakukhululukira, ndipo amene mukudikira mawu amenewo mudikira mpaka kalekale, m'banja limenelo satchula zotere. Anangoyenda kupita kukhomo lalikulu, anaima pambali pa chithunzi cha mwamuna wawo, n'kupinda mkono.

"Bwera. Ndiye usathamange. Alamu ako sanathamange."

Anayenda. Mayi wamasiye atazolika, ndi mlongo wake wa chimimba uja atafunda katani. Kutsogolo Nkhupakupa inkangolira, tcha, tcha, tcha, osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

Zakuthwa zinali makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mawa lake wojambula anali Madamu. Chifunga anaima kumbuyo kwawo atanyamula chikwama, ndipo anthu asanabalalike anatsegula laputopu pakona, anakulitsa diso la mkwatibwi mpaka linadzaza galasi, anaona msozi uli pansidze. Sanakweze chala. Anangotseka n'kukhala pansi.

Lero mukalowa m'shopu ya Madamu mupeza tebulo pakona, makope khumi ndi limodzi, ndi mzere wa ojambula, ena mwa iwo omwe aja ankati thamanga. Asanabwereke kamera amayamba afotokoza kumene akupita: bwalo la mpira, holo ya mdima, mpikisano wa njinga. Iye amatsegula kope n'kuwauza yoti atenge. Chimasomaso nayo amaitumiza, kumene kuli dzuwa ndi liwiro, poti palibe kamera yoipa paliponse kapena yabwino paliponse. Amamutchulabe Chifunga, koma tsopano amayamba ndi "a".

Mkazi wake sanabwerere, simbi nayo sinabwerere. Mwana wamkulu uja mpaka lero amangomupatsa moni wa pakamwa, ndipo ali ndi chifukwa. Masitepe makumi awiri ndi anayi a alamu ake palibe amene adzawaonenso. Zimenezo palibe kope limene lingakonze.

Koma Lamlungu lililonse masana amagogoda pakhomo lija, wopanda kamera, ndipo chitseko chimatseguka. Chithunzi cha katani chija achemwali ake anachitsukitsa. Sichili pabalaza ayi, musakokomeze. Chili kukhitchini, pamwamba pa firiji, pambali pa mabotolo a mankhwala. Akafunsa alendo, iwo amati ndi tsiku limene anakwatitsa mlongo wawo.

Ndiye inu amene mwawononga chinthu chosabwezeka, sindikunamizani kuti chidzabwerera. Sichidzabwerera. Koma bwererani pamene munagwera, muyeze dzenjelo m'litali ndi m'lifupi, chifukwa kumbuyo kwanu kukubwera wina wa kwanu, ndipo wodziwa pamene pali dzenje ndinu nokha. Valani magalasi, ngakhale a timaluwa. Anthu aseke. Mtima wokhawo musautaye, ugwireni ngati nkhupakupa, mpaka sitepe ya makumi awiri ndi anayi.